Chipsera Chachikulu Pathupi Laling'ono

Mu November 1980 chombo cha Voyager 1 chinadutsa pafupi ndi pulaneti ya Saturn, ndipo mwa zithunzi zimene chinatumiza kuno munali cha kamwezi kotchedwa Mimas. Kamweziko kanali kodziwika kale, pakuti William Herschel anakaona mu 1789, koma kwa zaka pafupifupi 200 kanali kadontho chabe ka kuwala m'galasi la telesikopu. Tsopano kanaonetsa nkhope, ndipo pankhopepo panali chidzenje chimodzi chimene munthu sangachiphonye ngakhale ataponya diso mothamanga. Mimas yense m'mimba mwake ndi makilomita 396 okha. Chidzenjecho pakamwa pake ndi makilomita 139, kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a kamwezi konse. Makoma ake amakwera pafupifupi makilomita 5, ndipo pakatikati patukuka phiri la makilomita 6. Anachipatsa dzina la Herschel yemwe uja. Dziko lathuli likanakhala ndi chidzenje cha muyezo umenewu, pakamwa pake pakanaposa makilomita 4,000.

Okonda mafilimu anaseka ataona chithunzicho, chifukwa kamweziko n'kofanana ndi chombo chankhondo cha Death Star cha mufilimu ya Star Wars, imene inatuluka mu 1977, kudakali zaka zitatu kuti Voyager afike. Zinangofanana basi. Ine chimandibwezera ku chithunzichi ndi funso limene mwana aliyense angafunse: chinthu chomenyedwa chonchi chinalekeranji kusweka?

Chidzenje chotere chimabadwa mwa kuphulika. Matanthwe amene amazungulira dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter, amene asayansi amawatcha ma asteroid, akamawombana amakumana pa liwiro la makilomita pafupifupi 5 pa sekondi, ndiye kuti 18,000 pa ola. Pa liwiro lotere mwala sulowa pansi n'kuima bwinobwino ayi. Mphamvu zake zonse zimatuluka m'kamphindi, mwalawo n'kuphwanyika, mbali ina n'kusungunuka, ndipo kugwedezeka kumafalikira paliponse. N'chifukwa chake zidzenje zambiri n'zozungulira ngakhale mwala utabwera chopendekeka, ndiponso n'chifukwa chake chidzenje chimakula kuwirikiza kakhumi kapena kuposa mwala umene unachikumba. Pa dziko lalikulu kugwedezekako kumazilala kusanafike patali, ndipo pafupifupi zonse zouluka zimagweranso pansi. Pa kathupi kakang'ono kumapyoza thupi lonse mpaka kuseri, ndipo mphamvu yokoka n'njochepa moti zambiri zimene zauluka zimapita ulendo wosabwerera. Choncho pali malire. Mwala ukakulirapo pang'ono, sipatsalanso malo oti chidzenje chikhalepo.

Ndaona kuti pafupi ndi malire amenewa ndi pamene timaiko iti timaulula zam'kati mwake. Palibe munthu anabowolapo Mimas. Koma mu February 2024 gulu la Valéry Lainey la ku Paris, litapenda mmene kamweziko kamagwedezekera ndi mmene njira yake yozungulira Saturn imasunthira malinga ndi zimene chombo cha Cassini chinayeza, linalengeza kuti pansi pa madzi oundana okhuthala makilomita 20 mpaka 30 pali nyanja. Zinali zovuta kumvetsa, chifukwa kunja kwa Mimas n'kwa zidzenje zokhazokha, kopanda chizindikiro chilichonse cha kutentha. Chidzenje cha Herschel ndicho chinathandiza kugwirizanitsa nkhani. Kafukufuku wa mu 2022 anali ataonetsa kuti mwala uja ukanagwa pa chikhungwa chopyapyala chonchi ukanachiboola, ndipo kuti chidzenje cha maonekedwe amenewa chipangike pankafunika madzi oundana okhuthala makilomita osachepera 55. Ndiye kuti chikhungwacho chakhala chikusungunuka cham'kati kuchokera nthawi imeneyo, ndipo nyanjayo njatsopano: gulu la Lainey linati siinapitirire zaka 25 miliyoni. Chipsera chakale chinauza anthu msinkhu wa nyanja imene palibe waiona.

Phobos, mwezi wa Mars, ndi kathanthwe kosaumbika bwino, kotalika makilomita 27, m'mbali mwake 22 ndi 18, ndipo chidzenje chake chachikulu ndi cha makilomita 9. Asaph Hall anapeza kamweziko ku Washington mu August 1877, ndipo mbiri imati anali atagwa kale ulesi pamene mkazi wake, Angeline Stickney, anamulimbikitsa kubwerera ku telesikopu. Mayiyu ndiye anamuphunzitsa masamu kukoleji asanakwatirane. Chombo cha Mariner 9 chitajambula Phobos, mayina a zidzenje anaperekedwa mu 1973: chachikulu chinakhala Stickney, mwamunayo n'kupatsidwa chocheperapo. Chigamulo chimenechi ndimagwirizana nacho, ngakhale kuti kulemekeza munthu pomupatsa bala n'kwachilendo ndithu. Kwa nthawi yaitali anthu ankati mizere italiitali imene yalembeka pa Phobos ndi ming'alu yochokera ku Stickney, umboni woti kamweziko kanatsala pang'ono kung'ambika. Masiku ano ena amati ndi njira za miyala imene inagubuduka, ena amati ndi kukoka kwa Mars. Chosakayikitsa n'choti Phobos akutsikira ku Mars pafupifupi mamita awiri pa zaka 100 zilizonse, ndipo pakatha zaka 30 kapena 50 miliyoni kukokako kudzamumwaza.

Koma thanthwe limene linandisokoneza maganizo kwambiri silodziwika ngati awiriwa. Dzina lake ndi Mathilde, ndipo Johann Palisa analipeza ali ku Vienna mu 1885. Pa 27 June 1997 chombo cha NEAR, chili pa ulendo wopita kwina, chinadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200 kuchokera pa thanthweli. Chinangoona mbali imodzi ndi kachigawo, pakuti Mathilde amatembenuka mwaulesi zedi, kamodzi pa masiku 17. Ndi wakuda bii, wobweza magawo anayi okha pa magawo 100 a kuwala kwa dzuwa, ndipo n'chifukwa chake zidzenje zake anazitcha mayina a madera a malasha a padziko lino. Chachikulu kwambiri ndi Karoo, dzina lochokera ku South Africa. Pali Ishikari wa ku Japan, Damodar wa ku India.

Mathilde m'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 53. Karoo ndi makilomita 33. Apa sitikunenanso za gawo limodzi mwa atatu, koma kupitirira theka la thupi lonse. Ndipo sichili chokha: pa mbali imene inaoneka ija panapezeka zidzenje zikuluzikulu zosachepera zisanu, zoyandikana khoma ndi khoma. Malinga ndi mawerengedwe a nthawi imeneyo, chimodzi chokha chinali chokwanira kulimaliza thanthweli. Chodabwitsa chinanso n'choti chidzenje chatsopano sichinagumule chakale chimene chili pambali pake, ndipo panalibe milu ya zinyalala zouluka imene imayenera kukwirira zoyandikana nazo. Zinali ngati aliyense womenya anafika, n'kusiya chizindikiro chake, osasokoneza cha mnzake.

Yankho linachokera ku kulemera. Chombo chikamadutsa pafupi ndi thanthwe, thanthwelo limachikoka pang'ono n'kuchikhotetsa njira, ndipo kukhota kumeneko kumaoneka pa mafunde a wailesi ofika kuno. Atawerengera anapeza kuti Mathilde amaposa madzi a muyezo womwewo ndi pang'ono pokha, kuwirikiza 1.3, pamene miyala ya mtundu wake imene imagwa kuno imawirikiza kawiri kapena kuposa. Ndiye kuti pafupifupi theka la Mathilde ndi mipata yopanda kanthu. Mu 1999 Kevin Housen ndi anzake anayesa kuwombera dothi lofukafuka, lamipata yambiri, ndipo anaona kuti chidzenje chimapangika mwa kuphwatalala: zinthu zimapanikizika pansi m'malo moulukira kunja, ndipo kugwedezeka kumafera pafupi. Aliyense amene anamenyapo mbiya ndi musi, n'kumenyanso thumba la mankhusu ndi musi womwewo, akudziwa kusiyana kwake. Mbiya yowotchedwa bwino, yolira ngwee ukaigogoda, imapereka nkhonya ku thupi lonse nthawi imodzi, ndipo pamatsala mapale. Thumba limangolowa pamene lamenyedwapo, mbali inayo osamva kanthu.

 

Munthu akamva za Mathilde amafuna kuthamangira kunena kuti chofewa ndicho chimapulumuka. Vesta amakana. Vesta, amene Heinrich Olbers anamupeza mu 1807, ndi thanthwe lolimba lenileni, la makilomita 525, limene linasungunukapo kalekale n'kukhala ndi chitsulo pakati ndi miyala ya chiphala kunja. Telesikopu ya Hubble inaona mu 1996 kuti kumwera kwake kuli ngati kunadulidwa, ndipo chombo cha Dawn chitamuzungulira kuyambira mu July 2011 mpaka mu September 2012, zinaoneka bwino. Chidzenje cha Rheasilvia ndi makilomita pafupifupi 500 pakamwa, kutsala pang'ono kufanana ndi Vesta mwiniwake. Phiri lapakati pake limakwera makilomita oposa 20, kuwirikiza kawiri ndi kuposa Everest. Pansi pake pali chidzenje china chakale, Veneneia, cha makilomita pafupifupi 400. Vesta anamenyedwa kawiri pafupifupi pamalo amodzi, ndipo thupi lonse linamva: kuzungulira m'chiuno mwake muli zigwa zitalizitali zimene zinang'ambika ndi kugwedezeka. Chinamusunga ndi kukula kwake, pakuti mphamvu yake yokoka inali yokwanira kugwira zotsalazo. Koma analipira. Pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a thupi lake linaulukira m'mlengalenga, ndipo zidutswa zake zikuzungulira dzuwa mpaka lero.

Zina mwa zidutswa za Vesta zimafika kuno. Mwa miyala yonse imene anthu aiona ikugwa kuchokera kumwamba, pafupifupi umodzi pa 20 iliyonse ndi wa mtundu wake. Pa 2 June 2018 oyang'ana kumwamba a Catalina Sky Survey ku Arizona anaona kamwala kakubwera, ndipo patangotha maola ochepa kanaphulika usiku mumlengalenga wa Botswana. Ofufuza anayenda wapansi m'nkhalango yosungira nyama ya Central Kalahari mpaka anatola kachidutswa koyamba mwezi womwewo, ndipo mwalawo unatchedwa Motopi Pan. Mu 2021 kafukufuku wotsogoleredwa ndi Peter Jenniskens ananena kuti njira yake ndi zimene unapangidwa nazo zikuloza kwa Vesta. Ndikaganiza zoti munthu angathe kufumbata m'dzanja kachidutswa ka dziko lina, kotoledwa mu udzu wa ku Kalahari, nkhani ya zidzenje imaleka kukhala ya pa chithunzi.

Ndiye pali opulumuka chifukwa cha mipata, pali opulumuka chifukwa cha kukula. Ndipo pali gulu lachitatu limene silioneka pa zithunzi zokongola zija, lomwe ndikuganiza kuti ndilo lofunika kwambiri pa nkhani yonseyi. Mu 1918 Kiyotsugu Hirayama wa ku Tokyo, akuyerekeza njira za matanthwe odziwika pa nthawiyo, anaona kuti ena amayenda m'magulu, njira zawo zofanana kwambiri moti sizingakhale mwangozi. Anatchula magulu atatu, Koronis, Eos ndi Themis, ndipo anawatcha mabanja. Lero tikudziwa kuti banja lotere ndi zidutswa za thupi limodzi limene linamenyedwa kupitirira malire aja. Mu 2002 David Nesvorný ndi anzake anatsatira njira za kagulu ka Karin chobwerera m'mbuyo pa kompyuta, ndipo zonse zinakakumana pamodzi zaka 5.8 miliyoni zapitazo. Tsiku limenelo panali thanthwe limodzi, ndipo silinasiye chidzenje choti aliyense achipatse dzina.

Apa ndi pamene ndimadziletsa. Ndakhalapo m'misonkhano yambiri imene munthu woti zinamuyendera amaimirira kutsogolo n'kufotokoza mavuto amene anadutsamo, anthu n'kuwomba m'manja, ndipo tonse timatuluka tikukhulupirira kuti mavutowo ndiwo anamupanga. Mwina n'zoona kwa iyeyo. Koma anzake amene anakumana ndi mavuto omwewo n'kugwa sapatsidwa mpata woyankhula, ndipo mlandu woweruza utangomva mbali imodzi sukhala wolungama. Zithunzi za Mimas, Phobos ndi Vesta zili ndi msampha womwewo. Timadabwa kuti bwanji timaiko tambiri chonchi tili ndi chidzenje chongotsala pang'ono kutiswa, ngati kuti pali dzanja limene limaletsa mwala pa mphindi yomaliza. Palibe dzanja lotero. Miyala yogwa imakhala ya misinkhu yonse, ndipo imene inaposa muyezo inafafaniza mboni. Chidzenje chachikulu pa thupi lililonse ndi nkhonya yaikulu imene thupilo linatha kupirira, osati yaikulu imene ikanatheka. Ndikaona munthu akufuna kutenga ulaliki wa kupirira pa chithunzi cha Mimas, ndimafuna kumuonetsa mndandanda wa Hirayama.

Ndipo ngakhale kusiyanitsa wosweka ndi wosasweka sikophweka monga ndikanafunira. Thanthwe likaphwanyika, zidutswa zina sizithamanga mokwanira kuti zithawe. Zimakokana pang'onopang'ono n'kudzaunjikananso, mulu wa miyala, nsangalabwi ndi fumbi wogwirana ndi mphamvu yokoka yokha. Matanthwe ang'onoang'ono amene zombo zawayendera posachedwapa ndi otero. Ryugu, wa mamita pafupifupi 900, ndi mulu. Pa 5 April 2019 chombo cha ku Japan cha Hayabusa2 chinamuwombera ndi chipolopolo cha mkuwa cholemera makilogalamu awiri, ndipo dzenje linatuluka la mamita oposa 14, lalikulu kuposa mmene ambiri ankayembekezera, chifukwa pamwamba pake panalibe chogwirizanitsa miyalayo. Bennu, wa mamita pafupifupi 500, ndi mulunso. Pa 20 October 2020 chombo cha OSIRIS-REx chitatambasula mkono kuti chitape dothi, mkonowo unangotitimira pafupifupi theka la mita popanda choutsekereza, ndipo chinapulumuka chifukwa choyatsa mainjini obwerera m'mbuyo. Matanthwe amenewa anafa kale kamodzi, kapena tinene kuti kholo lawo linafa, iwo n'kuumbika kuchokera m'mabwinja. Ndipo mulu wotere ndi wovuta kuuswanso, poti ming'alu imene ili kale m'kati imadula kugwedezeka panjira. Kufunsa ngati Bennu anapulumuka n'kufunsa funso limene lilibe poima.

Wina angati zonsezi n'zongosangalatsa anthu okhuta. Sindikuvomera. Tsiku lina padzapezeka thanthwe lolunjika kuno, ndipo chochita chidzadalira zimene zili m'kati mwake. Pa 26 September 2022 bungwe la NASA linawombetsa dala chombo cha DART, cholemera pafupifupi makilogalamu 600, pa kathanthwe ka Dimorphos ka mamita pafupifupi 150, pa liwiro loposa makilomita 6 pa sekondi. Dimorphos amazungulira thanthwe lokulirapo lotchedwa Didymos, ndipo ulendo umodzi unkamutengera maola 11 ndi mphindi 55. NASA inali itanena kuti kusintha kwa masekondi 73 kukhala kokwanira kunena kuti ntchito yatheka. Kunasintha ndi mphindi zoposa 30. Chinakankha kwambiri si chombocho, koma miyala ndi fumbi zoposa makilogalamu miliyoni imodzi zimene zinaulukira kunja, n'kukankhira kathanthweko mbali inayo. Tsopano taganizirani chombo chomwecho chitagunda thanthwe la khalidwe la Mathilde, limene limameza nkhonya osalavula zambiri. Kukankhako kukanachepa kwambiri. Ndipo mulu wosagwirana ukaumenya mopitirira, ukhoza kumwazika, m'malo mwa mwala umodzi n'kubwera yambiri. Amene adzakhale ndi udindo wosankha kukula kwa nkhonyayo adzakhala akuwerenga zimene Karoo, Stickney ndi Rheasilvia anaphunzitsa.

DART sanaone zotsatira za ntchito yake, pakuti kamera inafera pomwepo. Mu February 2024 Sabina Raducan wa ku Bern ndi anzake, atayerekeza kugundako pa kompyuta, ananena kuti Dimorphos ndi wosagwirana kwambiri moti n'kutheka kuti sipanatsale chidzenje chokhala ndi makoma ndi pakamwa, koma kathanthwe konse kanasintha maonekedwe. Chombo cha Hera cha bungwe la ESA la ku Ulaya chinanyamuka pa 7 October 2024, ndipo ulendo wake unakonzedwa kuti chikafike kumeneko kumapeto kwa 2026, chikayeze kulemera kwa Dimorphos, chikamve zam'kati mwake ndi mafunde a wailesi, ndi kuona ngati pali chidzenje choti n'kuchiyeza.